Walira Mvula Walira Matope: Tsiku Limene Foni Inauma Pogawana Masheya

Linali Lachinayi la pakati pa Disembala, tsiku limene gulu lina la banki m'khonde m'boma la Dedza linkaliyembekezera chaka chonse. Mphasa zinayalidwa pansi pa mtengo wa mango, bokosi lachitsulo la maloko atatu lili pakati, amayi atatu osunga makiyi atakhala moyandikana nalo. Mvula inali itagwa kale, feteleza anali asanagulidwe, ndipo aliyense mwa anthu 25 aja anali atawerengera mumtima zimene akachite ndi gawo lake. Ine ndinakhala pa kampando chakumbuyo. Bungwe limene linkathandiza maguluwa linandituma kuti ndidzaone ndi maso mmene app imene ndinalemba igwirire ntchito pa tsiku lake lalikulu.

Mlembi wa gulu, mayi wachitsikana amene anasunga kaundula m'foni chaka chonse, anatsegula app n'kudina pamene panalembedwa kuti "Chaka chonse". Sikirini inangoti mbee. Anadinanso, koma palibe chinachitika. Patapita kanthawi foni inatulutsa uthenga woti app siyikuyankha, asankhe kuitseka kapena kudikira. Anasankha kudikira. Tebulo la masheya litabwera, anayesa kulikoka ndi chala kuti afike pa dzina la munthu wachitatu. Linakana kusuntha, kenaka linadumpha lokha mpaka kumunsi, n'kuumanso. Foni inayamba kutentha m'manja mwake. Anandiyang'ana, ndipo maso onse anatsatira maso ake.

Agogo ena amene anakhala kumapeto kwa mphasa anafunsa mofatsa: "Mwananga, ndalama zathu zili momwemo, kapena zapita?"

Ndalama zinali m'bokosi, sizinapite kulikonse. Manambala nawonso anali bwinobwino m'foni, palibe ngakhale sheya imodzi imene inasowa. Koma ndikanawafotokozera bwanji agogo aja kuti kaundula ali bwino, chimene chavuta ndi kumujambula pa sikirini? Kwa iwo, buku limene silikutseguka pa tsiku logawana ndalama ndi buku lokayikitsa. Amayi apampando anadula nkhani: "Achimwene, tisavutane. Tibwerere ku mabuku athu." Aliyense anatulutsa kabuku kake, nayamba kuwerenga zidindo chimodzichimodzi, tsamba ndi tsamba. Ntchito imene ndinawalonjeza kuti itha dzuwa lisanafike pamutu inatha nkhuku zikulowa m'khola, ndipo mlembi uja, amene sanalakwe chilichonse, ndiye anatsala ndi ntchito yoyankha mafunso a anthu okayika.

Cholakwa chinali changa, ndipo ndinachichita miyezi yambiri m'mbuyomo, pa mzere umodzi wa khodi, pamene ndinkasankha kholo la kabokosi kakang'ono kwambiri mu app yonseyo.

Amene anaonapo kabuku ka banki m'khonde akudziwa maonekedwe ake. Pa msonkhano uliwonse membala amagula masheya kuyambira imodzi mpaka asanu, ndipo sheya iliyonse imadindidwa m'kabuku. Ndinkafuna kuti anthu akayang'ana foni aone chinthu chimene anachizolowera, choncho ndinapanga kabokosi ka sabata imodzi: timadontho tisanu, todetsedwa malinga ndi masheya ogulidwa, ndi nambala ya ndalama kunsi kwake.

Pa Android, chilichonse chooneka pa sikirini chimabadwa kuchokera ku class yotchedwa View. Ndiye tsinde la mtundu wonse. View payokha imadziwa zochepa: kutenga malo, kudzijambula, ndi kumva kukhudza kwa chala. Ana ake ndi amene amawonjezera luso. TextView imadziwa kulemba mawu, kuwadula m'mizere ndi kuwakulitsa. Button ndi EditText ndi ana a TextView. ViewGroup ndi View imene imatha kusunga ma View ena m'kati mwake, ndipo kwa iyo kumabadwa LinearLayout, FrameLayout, RelativeLayout ndi ConstraintLayout. Wolemba pulogalamu akafuna kupanga chinthu chakechake amasankha kuti chibadwe kwa ndani pa mzere wa makolowu, ndipo chimalandira zonse zimene khololo lili nazo.

Ine ndinasankha RelativeLayout. Sindinasankhe nditaganiza mozama. Ndinasankha chifukwa inali njira yosavuta: ndinalemba kafayilo ka XML, n'kuikamo LinearLayout yokhala ndi ma ImageView asanu ogawana malo ndi layout_weight, n'kuwonjezera TextView ya ndalama. Sindinafunike kulemba masamu a kuyeza, kholo linkandichitira zonse. Mu Android Studio kabokosi kanaoneka kokongola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyeni tiwerenge nyererezo. Kabokosi kamodzi kanali ndi RelativeLayout imodzi, LinearLayout imodzi, ma ImageView asanu ndi TextView imodzi. Onse pamodzi ndi ma View 8. Poyesa app pa laputopu yanga ndinkaika mamembala 5 ndi masabata 4, amene ndi ma View 160, ndipo zonse zinkayenda ngati madzi. Gulu lenileni linali ndi mamembala 25 ndi masabata 52. Timabokosi 1,300, ma View 10,400. Onsewa ndinawaunjika m'kati mwa HorizontalScrollView imene inali m'kati mwa ScrollView, kutanthauza kuti foni inkayenera kupanga, kuyeza ndi kuika pamalo View iliyonse, ngakhale imene inali kutali ndi diso, isanaonetse kalikonse.

Android Studio ili ndi chida chotchedwa Lint chimene chimachenjeza fayilo ya layout ikapitirira ma View 80 kapena ikazama kupitirira magawo 10. Ine sichinandichenjeze, chifukwa fayilo yanga inali ndi ma View 8 okha. Kuchulukana kunkachitika app ikuyenda, ndipo kunkachitika pang'onopang'ono, poti tebulo linkaonetsa masabata okhawo amene apita. M'Malichi linkatseguka mochedwerapo, koma linkatseguka. Mlembi sankalitsegula kawirikawiri chifukwa sabata iliyonse ankagwiritsa ntchito tsamba la msonkhano wa tsikulo. Katundu ankawonjezeka sabata ndi sabata popanda womuona, mpaka tsiku limene ankafunika kusenzedwa yense nthawi imodzi.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinagula foni ya mtundu umene mlembi uja anali nawo, ya RAM ya 1GB, yoyendera Android Go, mtundu wa Android umene Google inatulutsa m'chaka cha 2017 poganizira mafoni a mphamvu zochepa. Ndinapita nayo kwa mkulu wina amene wakhala akulemba mapulogalamu kuyambira ine ndili ku pulayimale. Ndinamuyalira nkhani yonse, ndipo ndinamaliza ndi mawu amene ambiri a ife timathawirako: "Akulu, vuto ndi mafoniwa. Ndi ofooka."

Sanandiyankhe msanga. Anatenga foni ija, analowa mu Settings, anadina Build number kasanu ndi kawiri kuti Developer options itseguke, n'kuyatsa chida chimene chimajambula timizere toimirira kunsi kwa sikirini. Kamzere kalikonse kamaimira frame imodzi, ndiye kuti chithunzi chimodzi mwa zithunzi zimene foni imasinthanitsa mwaliwiro kuti diso lione ngati zinthu zikuyenda. Kutalika kwa kamzere ndi nthawi imene frame yatenga. Chopingasa pali mzere wobiriwira. Anatsegula WhatsApp n'kukoka mauthenga: timizere tambiri tinali kunsi kwa mzere wobiriwira. Anatsegula tebulo langa: timizere tinaboola mzerewo n'kukatulukira pamwamba pa sikirini.

"Aphwanga," anatero, "foni ndi yomweyi. Inayo ikuyenda. Ndiye wofooka ndi ndani?"

Anandifotokozera zimene ndinkazidziwa pamutu koma zisanalowe m'manja mwanga. Sikirini ya foni wamba imajambulidwa ka 60 pa sekondi, choncho frame iliyonse ili ndi mamilisekondi pafupifupi 16 okha. Mzere wobiriwira uja ndiwo malirewo. Mafoni atsopano a 90Hz amapereka mamilisekondi 11, a 120Hz amapereka 8. M'kanthawi kameneko Android imadutsa m'ma View katatu pakafunika kutero: kuyeza kukula kwa chilichonse, kuchiika pamalo pake, ndi kuchijambula. Ntchito zimenezi, pamodzi ndi kumva chala cha munthu, zimachitikira pa main thread, imene ndi imodzi basi. Zili ngati pa mjigo wa m'mudzi: mpopi ndi umodzi, mzere ndi umodzi. Wina akabwera ndi migolo khumi, mwana amene wabwera ndi kachigubu kamodzi adikira. Chala cha mlembi uja chinali mwana wa kachigubu. Chikadikira masekondi 5 osayankhidwa, Android imatulutsa uthenga uja woti app siyikuyankha.

Kenaka anandionetsa chimene sindinkachidziwa n'komwe. Kuti RelativeLayout ithe kuika mwana uyu kumanja kwa uyo ndi winayo kunsi kwa onse, imayeza ana ake kawiri, koyamba m'lifupi, kachiwiri m'litali. LinearLayout nayo imatha kuyeza kawiri ana amene ali ndi layout_weight. Zikasanjikizana, kuyezako sikuphatikizana, kumachulukitsana. Mzere wa membala aliyense unali RelativeLayout, m'kati mwake muli kabokosi ka RelativeLayout, m'kati mwakenso muli LinearLayout ya layout_weight. Kadontho kamodzi kankatha kuyezedwa mpaka ka 8, ndipo timadonthoto tinalipo 6,500. Mu Logcat, kumene Android imalemba mauthenga ake, Choreographer, gawo la Android limene limayang'anira nthawi ya ma frame kuyambira Android 4.1 ya 2012, linali litalemba kale kuti ma frame mazanamazana adumphidwa chifukwa app ikugwira ntchito yochuluka pa main thread. Uthengawo unalipo nthawi yonseyi. Ine ndinali ndisanauwerengepo, chifukwa ndinali ndisanalumikizepo foni yotere ku laputopu yanga.

Atatha zimenezi anandifunsa mafunso atatu amene ndimawafunsabe mpaka lero.

"Kabokosi aka, ntchito yake ndi yotani?"

"Kuonetsa timadontho tisanu ndi nambala, akulu."

"Muli chinthu m'kati mwake chimene munthu amadina pachokha, kapena kulembamo?"

"Ayi."

"Malo a timadonthoto amasintha malinga ndi zimene zili pafupi?"

"Ayi, ndi omwewo nthawi zonse."

"Ndiye mwakalowetsa bwanji dzina la ufumu, pamene ntchito yake ndi ya mthenga? Wolowa dzina la amalume ake salandira mpando wokha. Amalandira milandu ya malire, maliro a m'mudzi, ndi alendo onse ofika usiku. Inu mwalonga mafumu 1,300, aliyense ndi nduna zake, kuti azinyamula timadontho tisanu."

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Cholowa sichisankhidwa. Class yako ikabadwa kwa ViewGroup imatenga mndandanda wa ana, ntchito yowayeza, yowaika pamalo, yowagawira kukhudza kwa chala, ndi yowajambula mmodzimmodzi. Ikabadwa kwa TextView imatenga makina onse okonzera mawu, ngakhale ukungofuna kulemba manambala anayi. View iliyonse, ngakhale yosaonetsa kanthu, imadya gawo lake la RAM. Pa chinthu chimene chimaoneka kamodzi pa sikirini, katundu ameneyu samveka n'komwe, ndipo ndi bwino kumulandira kuti usavutike kulemba zimene ena analemba kale bwinobwino. Koma pa chinthu chimene chimabwerezedwa kambirimbiri, kulemera kwa kholo kumachulukitsidwa ndi chiwerengero cha ana. Ndinalira mvula ya khodi yosavuta kulemba, matope ake anakaponda ndi amayi a ku Dedza.

Kukonza kunatenga masabata awiri. Choyamba ndinachotsa ScrollView n'kuika RecyclerView, imene yakhalapo kuyambira 2014. RecyclerView imapanga mizere yokhayo imene ikuoneka, ndi ina yochepa yodikirira. Mzere ukatuluka pamwamba pa sikirini sautaya, amaubweretsa kunsi n'kuuveka dzina la membala wina. Mkulu uja anandichenjeza kuti ndisaiike m'kati mwa ScrollView ina yoyenda mbali yomweyo, chifukwa ikapatsidwa malo opanda malire imapanga mizere yonse nthawi imodzi, phindu lake n'kutheratu.

Chachiwiri, kabokosi ka sabata ndinakathetsa. M'malo mwake ndinalemba class imodzi ya mzere wonse wa membala, yobadwa kwa View mwachindunji. Kuyeza kwake ndi kwa mizere iwiri ya khodi: m'lifupi ndi mmene kholo lanenera, m'litali ndi muyezo wokhazikika. Mu onDraw, pamene View imadzijambula, imawerengera sabata yoyamba ndi yomaliza imene ikuoneka pa sikirini, n'kujambula timadontho ndi drawCircle, manambala ndi drawText, masabata okhawo basi. Munthu akakokera tebulo kumanja, mizere yonse imauzidwa malo atsopano ndipo imadzijambulanso. Sheya ikasintha ndimaitana invalidate, imene imangopempha kujambulanso, osati requestLayout, imene imakwera kwa makolo onse mpaka pamwamba kukapempha kuti kuyeza kuyambirenso. Pa ma View 10,400 panatsala osakwana 50.

Ngakhale apa ndinapunthwa. Poyamba ndinkapanga Paint yatsopano, ndiye kuti burashi yojambulira, m'kati mwa onDraw, ndi kukonza mawu a ndalama pomwepo. Koma onDraw imaitanidwa ka 60 pa sekondi pamene munthu akukoka, ndipo zinthu zonse zopangidwa ndi kutayidwa zimapatsa ntchito wotolera zinyalala wa Android. Tebulo linkayenda, kenaka n'kutsimphina pang'ono, n'kuyendanso. Nthawi iyi Lint inandichenjeza, ndipo ndinamvera. Ma Paint ndinawapanga kamodzi pobadwa View, mawu a ndalama ndinawakonzeratu pamene deta ikufika. Timizere tija tinatsikira kunsi kwa mzere wobiriwira, pa foni yomwe ija imene ndinainena kuti ndi yofooka.

Nkhani ikanathera pamenepa bwenzi phunziro lake lili lapafupi: chilichonse chizibadwa kwa View. Ndi mmene ndinamvera inenso, ndipo ndinagwera m'dzenje lachiwiri. Ndi chimwemwe cha liwiro ndinayamba kugwetsa zonse. Mabatani ndinawajambula ndekha. Ngakhale malo amene msungichuma amalembapo ndalama za ngongole ndinawachotsa kwa EditText n'kuwalemba ndekha kuchokera kwa View.

Madandaulo anabwera mwezi usanathe. Msungichuma wa gulu lina, mayi wa maso otopa, anali atakulitsa zilembo mu Settings ya foni yake. Ma app ena onse anamvera, koma manambala anga anakhalabe ang'onoang'ono, chifukwa ndinawayeza m'mapikiselo m'malo mwa sp, muyezo umene umatsatira zimene mwini foni wasankha. Polemba ndalama sankatha kubwerera pakati pa nambala kuti akonze chilembo chimodzi. Akalakwitsa ankafufuta yonse, ndipo nthawi ina analemba ziro wowonjezera osazindikira mpaka mlembi atawerenga mokweza. Mlangizi wina wa bungwe lija, amene saona bwino ndipo amadalira TalkBack kumuwerengera za pa sikirini, anandiimbira foni: "Achimwene, kale app yanu inkandiuza masheya a munthu aliyense. Lero ndikakhudza tebulo, zii." TalkBack imawerenga ma View, siwerenga utoto. Kwa iyo mzere wanga wonse unali chinthu chimodzi chosalankhula.

Zonsezi makolo amene ndinawakana ankandichitira mwakachetechete. EditText imadziwa kuitana kiyibodi yoyenera, kuyendetsa kachizindikiro kolembera, kusankha ndi kukopera mawu, kusunga zolembedwa foni ikatembenuzidwa, ndi kulankhula ndi TalkBack. Button imadziwa kuonetsa kuti yadinidwa. Zinthu zimenezi zinakonzedwa kwa zaka zambiri ndi anthu ambiri, poyesedwa pa mafoni amitundumitundu. Malo olemba ndalama anali amodzi pa sikirini, sankachedwetsa kalikonse. Ndinataya cholowa chabwino kuti ndipulumutse nthawi imene sinkatayika.

Ndinabweza malo olemba ndalama ndi mabatani kwa makolo awo. Tebulo lokha ndinalisiya pa View, koma ndinalipira ngongole yake: zilembo ndinaziyeza ndi sp, ndipo ndinalemba ExploreByTouchHelper, class imene imauza TalkBack kuti m'kati mwa View imodzi muli tizigawo tambiri, kalikonse ndi malo ake ndi mawu ake. Sinali nzeru yanga. Kalendala yosankhira tsiku ya Android yeniyeniyo imachita chimodzimodzi: mwezi wonse ndi View imodzi imene imajambula yokha manambala a masiku, koma ili ndi wothandizira wotereyu kuti wosaona amve tsiku lililonse palokha. Amene analemba Android sanapange Button ya tsiku lililonse, komanso sanaiwale munthu amene amaona ndi makutu.

Wina anganene kuti izi ndi za Android yakale, iye amagwiritsa ntchito zina. Mayina amasintha, koma msampha ndi womwewo. Mu WPF ya Microsoft, imene inatuluka m'chaka cha 2006, makwerero amachoka pa Visual kupita pa UIElement, FrameworkElement, Control, mpaka UserControl, ndipo sitepe iliyonse imawonjezera luso pamodzi ndi kulemera. Label, imene ndi Control, ndi yolemera kuposa TextBlock, ndipo wofuna kujambula timadontho zikwizikwi amalangizidwa kutsikira kwa DrawingVisual, imene ilibe za kuyeza ndi kuika pamalo. Mu React, component yobadwa kwa Component imajambulidwanso nthawi iliyonse kholo lake likajambulidwa, pamene PureComponent, imene inabwera m'chaka cha 2016, imayamba yayerekeza zimene yapatsidwa ndi zakale. Koma imayerekeza pamwamba pokha, moti ukasintha za m'kati mwa mndandanda womwewo osapanga watsopano, sikirini imakhalabe ndi manambala akale. Pa nkhani ya ndalama za anthu, limenelo ndi tsoka loposa kuchedwa. Jetpack Compose, imene inakhazikika m'chaka cha 2021, inasiya njira ya makolo a class ndipo imaletsa kuyeza mwana kawiri, komabe ukaika mizere chikwi mu Column m'malo mwa LazyColumn, wabwerera ku ScrollView yanga ija.

Tsono inu amene mukulemba mapulogalamu, makamaka achinyamata amene mwayamba kulandira ntchito zoyamba, mverani zimene ndinaphunzira pa mphasa ija.

Musanalembe dzina la kholo, werengani. Chinthu ichi chidzaoneka kangati pa sikirini, osati lero poyesa, koma pa tsiku lake lolemetsa? App iliyonse ili ndi Disembala wake: tsiku lotseka teremu pamene mphunzitsi atsegula magiredi a ana onse, kumapeto kwa mwezi pamene mwini golosale afuna kuona zogulitsa zonse. Chulukitsani chiwerengerocho ndi ma View amene ali m'kati mwa chinthucho. Yankho likafika m'zikwi, imani kaye.

Kenaka funsani chimene chinthucho chimachitadi. Ngati munthu amalembamo kapena kudinapo, khalani pafupi ndi EditText ndi Button, landirani cholowa chawo mothokoza. Ngati chili ndi ana oti aikidwe pamalo, sankhani ViewGroup yopepuka imene ikukwanira, ndipo musasanjikize makolo oyeza kawiri. Ngati chimangoonetsa zinthu za malo okhazikika ndipo chimabwerezedwa kambirimbiri, tsikirani kwa View, koma dziwani kuti mwasenza udindo umene kholo likanasenza: kukula kwa zilembo, TalkBack, kukhudza kwa chala, kusunga zinthu foni ikatembenuka. Kholo loyenera ndi lopepuka kwambiri pakati pa amene akupereka zonse zimene munthu wogwiritsa ntchito akufunikira. Lolemera kuposa pamenepo limaumitsa foni, lopepuka kuposa pamenepo limasiya anthu ena kunja.

Ndipo musaweruze ndi maso anu pa foni yanu. Ife olemba mapulogalamu timayenda ndi mafoni amphamvu kuposa a anthu amene timawalembera, ndipo foni yamphamvu imabisa zolakwa ngati udzu wautali ubisa dzenje. Pitani pamsika, mugule foni yotchipa ya mtundu umene uli m'manja mwa anthu ambiri, muidzaze ndi zithunzi ndi ma app monga mmene amachitira eni ake, muikemo deta ya chaka chonse, muyatse timizere tija. Musasinthe kholo chifukwa mwamva kuti lina ndi lofulumira, ndipo musalisiye chifukwa ndi limene munalizolowera. Yezani, sinthani chinthu chimodzi, yezaninso. Kuyeza kwa madzulo amodzi kukanandipulumutsa ku maenje onse awiri.

Chaka chotsatira ndinabwereranso ku gulu lija pa tsiku logawana. Mlembi anadina "Chaka chonse" ndipo tebulo linabwera nthawi yomweyo, likutsatira chala chake mokhulupirika. Koma amayi apampando anali atalamula kuti aliyense abwere ndi kabuku kake, ndipo dzina lililonse likawerengedwa m'foni, mwini wake ankatsimikiza ndi zidindo zake. Manambala onse anagwirizana. Ndinafunsa ngati chaka chamawa adzadalire foni yokha.

"Achimwene," anatero, "foniyo yachita bwino lero. Koma mabukuwa sanatiumirepo."

Sindinatsutse, chifukwa ananena zoona. Khodi ndinaikonza m'masabata awiri, koma chikhulupiriro cha anthu 25 sichibwerera pa liwiro limenelo, ndipo mlembi uja anakhala chaka chathunthu akuyang'anidwa ndi diso la m'mbali chifukwa cha chisankho chimene ine ndinachipanga m'kanthawi kochepa, ndili pa mpando wofewa ku tawuni. Mukadzafika pa mzere umene class yanu imatchula kholo lake, musafulumire. Kumapeto kwa mzere umenewo kuli munthu amene wagwira foni yotentha m'manja, anzake akumuyang'ana, ndipo agogo ena akufunsa ngati ndalama zawo zilipo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.